Mawezulo Awiri M'chiperoni cha Phiri la Ndirande

Nkhani iyi sindinaimve mu minibasi ayi, inandichitikira ine mwini wake, ndipo amene akukayika apite ku Goliyo akafunse aliyense amene anali fomu 2 pasukulu yathu zaka ziwiri zapitazo, adzamuuza zomwezi, kungoti aliyense adzawonjezera kuti iyeyo sanachite mantha. Bodza limenelo. Amene sanachite mantha tsiku limenelo anali munthu mmodzi yekha, ndipo si ine. Ndivomereretu pano, kuti tisavutane kutsogoloku, kuti amene anayambitsa zonse ndine, ine ndi mutu wangawu umene masteni amati unapangidwa Loweruka madzulo amisiri atatopa kale.

Musanandiweruze mumve kaye mmene Piyi inalili pasukulu yathu. Piyi ndi phunziro lija la masewera olimbitsa thupi, ndipo popeza silibwera pa mayeso a boma, ife tinkalitenga ngati buleki yachiwiri. Aphunzitsi ankangotiponyera mpira wophwa n'kubwerera ku sitafu, atsikana n'kukhala pansi pa mtengo kumalukana tsitsi, ife anyamata n'kudumpha mpanda ulendo wa pachiwaya. Ndiye kunabwera Madamu ena ochokera kumpoto, aafupi moti akaima pakati pa anyamata a fomu 4 unkangoona kachipewa kawo, tirakisuti yabuluu tsiku lililonse, wezulo ali lende pakhosi. Tsiku loyamba lomwelo anafunsa kuti dolo wothamanga m'kalasi muno ndani, ife tinawalozera mnyamata wina wa miyendo ngati nsungwi, iwo n'kumuuza kuti tiye tizungulire bwalo. Abale, anamusiya ngati waima. Atafika anatembenuka, osapuma n'komwe mwawefuwefu, n'kumufunsa ngati akufuna amubwereke mapapo.

Kuyambira pamenepo Piyi inasanduka ntchito. Tinkathamanga, inde, koma tinkaphunziranso zinthu zimene sitinkadziwa kuti zili ndi mwini wake: kagonekedwe ka munthu amene wakomoka, kamangidwe ka mwendo wothyoka, mfundo ya chingwe imene imalimba ukamaikoka, chifukwa chake munthu sayenera kuthamanga m'mimba muli tiyi wopanda mkaka yekha. Akakwiya Chichewa chinkawathawa n'kuyamba Chitumbuka, ndipo mawu awo okondedwa anali akuti yayi. Kodi ine ndikanangokhala? Ndinawapekera nyimbo, yonena kuti Madamu ndi aafupi ngati botolo la mankhwala a chifuwa, wezulo wawakulira, ndipo gulu lonse linkavomera kuti yayi, yayi, uku likuwomba m'manja. Tinkaiimba kuseri kwa zimbudzi, iwo akangotulukira tonse ziii, nkhope za ana a kwaya.

Teremu yachitatu, nthawi yozizira ija, anatiuza kuti Loweruka tikwera phiri la Ndirande, phiri limene tonsefe tinabadwira m'munsi mwake koma ambiri tinali tisanalipondepo pamwamba. Sabata yonseyo anatizunza ndi malamulo a wezulo. Akaimba kamodzi motalikitsa, ndiye kuti khala pansi pomwe ulipo, ngakhale pali nyerere. Akaimba modukizadukiza, ndiye kuti bwera kumene kukuchokera kulirako. Tinayeserera pabwalo mpaka zinatilowa m'mafupa, moti wina akanaimba wezulo m'tchalitchi tikanakhala pansi pakati pa chopereka. Anati aliyense atenge botolo la madzi, ndipo mtsikana aliyense atenge chitenje, atsikanawo n'kumadandaula kuti kodi tikupita ku maliro.

Tsono ine ndili ndi malume amene amaimbira mpira wa madala Lamulungu lililonse, ndipo wezulo wawo ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Lachisanu ndikudutsa ndinangoona dzanja langa lanyamuka lokha. Cholinga changa chinali chaching'ono, ndikulumbira: kukabisala penapake, kuimba modukiza, atsikana abwere akupuma ngati mbuzi zothamangitsidwa, andipeze ine ndili khale pamwala ndikuwafunsa kuti mwasowa chiyani asisi. Basi. Kodi pamenepo pali mlandu?

Tinanyamuka m'mawa dzuwa likuwala bwinobwino, Madamu patsogolo, ndipo kumbuyo kunali aphunzitsi ena aamuna amene anangopemphedwa kuti atiperekeze, atavala nsapato zosongoka ngati akupita ku ukwati. Tinadutsa m'makwalala a Malabada ana akutithamangira, amayi ogulitsa makala akutifunsa ngati tikukapemphera kuti tikawaikireko mawu, kenako nyumba zinatha tinalowa m'minda ya mapesi ndi zitsa za bulugamu. Kumtunda tinapeza anthu a mapemphero atagwada pamiyala akufuula aliyense zake, tinawadutsa mwaulemu. Titafika pamwamba ndinaiwala ndi wezulo yemwe, chifukwa Blantyre yense anali pansi pa mapazi athu, Soche uko, Chilomoni uko, Machinjiri kuseri, malata akung'anima ngati wina wamwaza tizitsekerero ta mabotolo, aliyense akulimbana ndi kuloza denga la kwawo.

Tisanamalize n'komwe kudya mbatata zathu, Madamu anaima n'kuyang'ana mbali ya ku Limbe nthawi yaitali, kenako anati longedzani titsike, chiperoni chikubwera. Ife tinaseka, chifukwa kumwamba kunali mbee, koma kamphepo kena kozizira kanatilowa m'makhwapa ndipo tisanatsike mtunda woti n'kuutchula, mzinda wonse uja unafufutika. Inu a m'Blantyre chiperoni mumachidziwa chili pakhomo, mutafunda bulangete, mukuti lero sitichapa. M'phiri ndi chinthu china. Chimabwera ngati khoma loyenda, chimakunyowetsa osagwa mvula yooneka, ndipo mnzako amene uli naye pafupi amasanduka chithunzithunzi. Munthu wanzeru akanati lero ayi. Ine ndinati mwayi ndi umenewu, sandiona.

Ndinapatuka ngati ndikukataya madzi, n'kuzungulira chimwala china chachikulu kumanzere kwa njira, osayang'ana n'komwe kuti kuseri kwake kuli chiyani. Ndinaika wezulo pakamwa n'kuimba modukiza, ndendende mmene amaimbira Madamu. Pomwepo ndinamva mapazi akusintha njira, mawu a atsikana akuyandikira, wina akudandaula kuti Madamu awanso atisocheretsa. Ndinaluma malaya kuti ndisaseke. Ndiye kuchokera kutsogolo kunamveka wezulo weniweni, wautali, woti aliyense akhale pansi. Apa ndi pamene ndinayenera kusiya, koma zinali zitakoma, ndinaimbanso. Miyala inabweza kulirako, kuno wezulo, uko wezulo, kumwamba wezulo, wina akuti khala pansi, wina akuti bwera.

M'kalasi mwathu munali mnyamata wina amene kwawo ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje, wofatsa, wosayankhula pagulu. Tsiku limenelo anatsegula kukamwa. Anakuwa kuti musapiteko, amenewo si Madamu, ndi eni phiri, kwathu amaitana anthu chonchi m'nkhungu ndipo wowatsatira sabwerera. Abale inu, mawu amenewo anagwa ngati mwala mu mng'oma wa njuchi. Malamulo onse a sabata yathunthu anauluka. Aliyense anathamangira kumene kunaloza mphuno yake, mabotolo akugubuduka, wina akuitana amayi ake, wina akudzudzula ziwanda m'dzina la Yesu, ndipo aphunzitsi a nsapato zosongoka aja ndinawamva akundidutsa chapafupi akunena kuti ana inu khalani chete, khalani chete, koma liwiro lake silinali la munthu wofuna kukhazika ana chete. Kenako, pafupi kwambiri ndi ine, kuseri kwa chimwala changa chomwecho, ndinamva kukuwa kumodzi kwakufupi, ndi phokoso ngati thumba la chimanga likukhwekhwereka pa simenti. Kenako zii.

Ndinaponya wezulo m'thumba. Ndipo mverani apa, chifukwa ichi sindinachimvetse mpaka lero: wezulo ali m'thumba mwanga, ndamugwira ndi dzanja, kunamvekanso kulira kwina modukiza, chapansipansi, kumbali kumene kunalibe njira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mnyamata wa ku Mulanje uja akunena zoona, mwina ndaputa anthu amene sindikuwadziwa, ndipo tsopano akundiyankha. Ine amene ndinaikapo chule m'chikwama cha pulifekiti, ine amene sindinkaopa ngakhale ofesi ya ahedi, ndinaima m'nkhungumo ndikulira ngati mwana wa nazale, ndipo ndisabise, madzi amene ndinanamizira kukataya aja anatsala pang'ono kudzitaya okha.

Mukuganiza kuti Madamu anatani? Anadziwa kuti wezulo wawo wasanduka wopanda ntchito, palibenso amene angamukhulupirire, ndiye anamusiya. M'malo mwake, m'kati mwa chiperoni muja, munamveka mawu awo aakulu, osanjenjemera ngakhale pang'ono, akuimba kuti Madamu ndi aafupi ngati botolo la mankhwala a chifuwa, wezulo wawakulira. Nyimbo yanga! Mawu ake onse, ngakhale ndime ija yonena za tirakisuti yosachapa imene tinkaiimba motsitsa. Kuteroko ankaidziwa nthawi yonseyi. Manyazi anatigwira tonse, kenako kumanja wina anavomera monyinyirika kuti yayi, yayi, kumunsi winanso, mpaka tonse, ena akuseka ena akulira. Ndi mzimu uti ungadziwe nyimbo ya kuseri kwa zimbudzi za sukulu yathu, n'kuiimbanso ndi kalankhulidwe ka ku Rumphi? Madamu anatiuza kuti aliyense akhale pansi, kenako aziyenda chokhwekhwereza matako kulowera kumene akuimba, wina asayerekeze kuimirira. Anaimba osaleka mpaka tinasonkhana, matope okhaokha, aphunzitsi aamuna aja nsapato imodzi ili m'manja.

Anayamba kutiitana mayina mmodzimmodzi, aliyense n'kumavomera. Atafika pa dzina la mtsikana wina wa ku Nsanje, amene ankakhala desiki ya kutsogolo kwanga, wa kolona pakhosi nthawi zonse, panalibe yankho. Anaitananso. Tonse tinaitana. Mphepo yokha. Anzake anati anali nawo limodzi pamene ankatsatira wezulo uja, koma palibe ankadziwa kuti kunali kuti, chifukwa aliyense anali atazungulira kangapo. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa malo ake enieni, ndipo munthuyo akanati atsegule pakamwa ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Munthuyo anali ine. Ndinatulutsa wezulo wa malume n'kumuika m'dzanja la Madamu.

Ndinkayembekezera khofi, ndipo ndinali nditakonzeratu tsaya. Iwo anangoyang'ana wezuloyo, n'kundiyang'ana ine, n'kunena motsitsa kuti za iwe tikamba kumunsi, pano ndionetse pamene unaima. Anauza aphunzitsi aamuna aja kuti akhale ndi gulu ndipo aliyense agwire malaya a mnzake, anatenga zitenje zonse, anasankha anyamata amphamvu angapo, n'kundiuza kuti nditsogole chokwawa. Kuseri kwa chimwala changa kuja kunali thanthwe lotsetsereka, lonyowa, la ndere zoterera ngati therere, ndipo kumapeto kwake kunali chidzenje chimene anthu ophwanya miyala anachigoba zaka zambiri. Nkhungu itang'ambika pang'ono tinamuona. Anali atagona chafufumimba m'mphepete mwenimweni, manja onse akumbatira kachitsamba kena kosakwana n'komwe mkono wanga kunenepa, mwendo umodzi utapindika molakwika, winawo uli lende m'malere. Sankayankha chifukwa ankaopa kuti akangotulutsa mawu kachitsambako kazuka.

Madamu anamuyankhula ngati akumufunsa za homuweki. Anamuuza kuti mwana wanga usatembenuke, usayang'ane pansi, yamba kolona wako chamumtima ndipo ndikhala nditafika usanamalize. Uku akuyankhula, manja awo akulumikiza zitenje ndi mfundo ija ankatiphunzitsa ife tikuyasamula. Anamanga mbali imodzi pachitsa cha bulugamu, anatigoneka anyamata motsatizana aliyense atagwira nsaluyo, ine kutsogolo kwenikweni mutu uli pathanthwe, n'kuvula nsapato ndi sokosi. Anatsika chafutambuyo, zala za kumapazi zikufufuza ming'alu, kamunthu kakang'ono kaja kamene tinkakaseka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa ife anyamata a ndevu zoyamba amene akanatsika pamenepo ngakhale atamulonjeza foni yatsopano.

Anafika, anamanga mtsikanayo m'khwapa, iwo n'kudziika kumunsi kwake, pakati pa iye ndi chidzenje, phewa lawo litamuchirikiza. Atangomuuza kuti siya chitsambacho, chinazuka chonse n'kugwera pansi, ndipo tinadikira nthawi ndithu tisanamve chikufika. Anati kokani pang'onopang'ono. Tinakoka. Mtsikanayo ankakuwa ndi ululu wa mwendo, Madamu akumukankha, ife tikukoka, ndiye patsogolo pa mphuno yanga penipeni ndinamva kuti tsweee. Chitenje chimodzi, cha chipani chija cholandira ulere pamsonkhano, chinayamba kung'ambika. Ndinkaona ulusi ukuduka umodziumodzi. Madamu anamva kung'ambikako, ndipo osakweza n'komwe mawu anandiuza kuti iwe wa wezulo, tambasula dzanja ugwire kumunsi kwa pong'ambikapo, manja odziwa kuba amadziwanso kugwira. Mnzanga wa kumbuyo anandigwira akakolo, ndinatsetsereka mpaka pamimba, ndinakulunga nsaluyo padzanja n'kutseka maso. Inandidya khungu, phewa linkachita ngati lizuka, koma ndinauza Mulungu kuti dzanja ili likaduka liduke, kusiya kokha ayi.

Anatulukira onse awiri, mtsikanayo poyamba, Madamu pambuyo, zikhadabo za kumapazi zikutuluka magazi. Sanakhale pansi n'komwe. Anatituma timitengo tiwiri towongoka, anamanga mwendo uja ndi chitenje chong'ambikacho, anamufunditsa jekete yawo, n'kumubereka kumsana. Anyamata tinapempha kuti tizilandizana, anatilola pokhapokha pamene njira inayamba kuoneka bwino. Tinatsika mwakachetechete, aliyense atagwira malaya a mnzake ngati ana a sitandade 1, mpaka ku nyumba zoyamba kumene bambo wina anatithandiza ndi galimoto yake kupita kuchipatala.

Lolemba ndinaitanidwa ku ofesi. Ahedi anali atatupa, madala anga atakhala pakona chipewa chili pabondo, lamba wawo nditamulawa kale Loweruka lomwelo, ndipo bambo a mtsikana uja ankayendayenda akugwedeza ambulera, Chisena chikutuluka ngati madzi a pampopi wothyoka, akuti mwana ameneyu apite ku polisi basi. Ahedi anati ndichotsedwe sukulu. Madamu, mapazi ali m'mabandeji, anadikira onse amalize, kenako anati kumuchotsa ameneyu ndi kumupatsa holide, ndipatseni ine. Anatinso iwo eni akanayenera kutitsitsa msanga ndi kuyang'ana m'matumba mwathu, ndipo zimenezo adzaziyankha okha. Munthu ndamupekera nyimbo yachipongwe, ndatsala pang'ono kumuphetsa, iye n'kumasenzako mlandu wanga?

Chibalo chake chinali ichi: mpaka chikhakha chimene anamumanga mtsikanayo pamwendo wothyokawo chidzachotsedwe, ine ndizikamutenga kwawo pa njinga ya madala m'mawa uliwonse, n'kukamutulanso tikaweruka. Inu mukuzidziwa zitunda za mu Ndirande. Theka la ulendo ndinkachita kukankha, thukuta lili kamukamu, iye ali phee pakaliyala ndodo zake zili pamiyendo, akundiitana kuti kabaza wanga, akundilamula kuti ndipewe mabampu, akuuza aliyense pamsewu kuti uyu ndi mzimu wa m'phiri la Ndirande, muuoneretu.

Zimene ndimakhulupirira pano ndi izi. Za eni phiri sindikudziwa. Madamu anati kulira komaliza kuja inali miyala ikubweza mawu, mnyamata wa ku Mulanje amati miyala sidikira nthawi yaitali choncho, ine ndimangoti onse akunena zoona malinga ndi amene ndili naye pafupi. Koma chimene ndinachiona ndi maso anga ndi chakuti phunziro limene tinkaliyesa buleki ndi limene linatulutsa munthu wamoyo m'kamwa mwa chidzenje, ndipo ndikamva wina akuti Piyi ndi yotayitsa nthawi ndimamufunsa ngati aljebura inayamba yamuberekapo munthu kumsana. Anzanga okonda kuseweretsa anthu, sindikuti musiye, inenso sindinasiye, moyo ungakome bwanji popanda ife? Koma chitirani pamalo afulati, dzuwa likuwala, ndipo chizindikiro chimene anthu agwirizana kuti chiziwapulumutsa musachigwiritse ntchito posekera, chifukwa tsiku limenelo simudzakhala ndi Madamu athu pafupi.

Za chibalo chija musandimvere chisoni. Mayi ake a mtsikanayo anayamba ndi kundiyang'ana ngati ndine galu wakuba mazira, koma pofika sabata yachitatu ankandisungira tiyi ndi chinangwa, bambo ake anasiya kugwedeza ambulera n'kuyamba kundifunsa zigoli za mpira, anyamata a fomu 4 ankandipempha kuti ndiwabwereke chibalocho ngakhale tsiku limodzi, ndipo miyendo yanga inalimba moti pa mpikisano wothamanga wa sukulu ndinasiya ndi wa miyendo ya nsungwi yemwe. Tsiku lokachotsa chikhakha ndinamuperekeza kuchipatala, ndipo adokotala atatenga chodulira chawo ndinawafunsa mwaulemu wonse ngati fupa lapoladi bwinobwino, kapena tichisiye kaye mwezi wina umodzi kuti titsimikize.